Firewall ndi ma port: mafunso amene akwathu amandifunsa kuno ku Joni

Ntchito yanga ndi yolumikiza ma rauta, makamera ndi makompyuta m'mashopu, m'masaluni, m'matchalitchi ndi m'ma internet cafe kuno ku Johannesburg, makamaka cha ku Yeoville, Rosettenville, Turffontein ndi Mayfair. Ambiri amene amandiitana ndi anthu akwathu, ndipo pa nkhani ya firewall mafunso awo amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka. Ndawasonkhanitsa pano. Oyambirira ndi a munthu amene sanatsegulepo tsamba la rauta chibadwire, akumunsiko ndi a amene ali kale ndi seva kapena rauta ya MikroTik. Yankho likakubwezani ku funso lina, kawerengeni, chifukwa nkhanizi ndi zolukanalukana.

Achimwene, firewall imeneyi n'chiyani? Si antivirus yomwe ija?

Ayi, n'zosiyana. Antivirus imafufuza mafayilo amene alowa kale m'kompyuta. Firewall imaima pakhomo n'kumasankha mauthenga oti alowe ndi oti abwerere. Taganizirani mlonda wa pageti pa mafulati a ku Berea, buku lake lili patebulo. Amakufunsani kumene mwachokera ndi nambala ya chipinda chimene mukupita, kenako amaona ngati mwini chipinda analola. M'chikwama mwanu sapisamo. Firewall wamba imateronso: imayang'ana adilesi yochokera, adilesi yopita ndi nambala ya port, basi.

Mwina muli nazo kale ziwiri osadziwa. Ina ili mu rauta imene anakupatsani pokuikirani fibre kapena LTE, ina ili mu Windows momwemo.

Nanga port n'chiyani?

Si kabowo kolowetsapo chingwe kumbuyo kwa rauta kaja, ngakhale nakonso amakatchula dzina lomweli. Port imene tikunena pano ndi nambala chabe. Adilesi ya IP ili ngati dzina la nyumba yonse ya mafulati, port ndi nambala ya chitseko m'nyumbamo. Kompyuta imodzi imachita ntchito zambiri nthawi imodzi, choncho uthenga ukafika umayenera kunena chitseko chimene ukufuna.

Manambalawa amayambira pa 0 kulekeza pa 65535. Kuyambira 0 mpaka 1023 ndi a ntchito zodziwika kale, 1024 mpaka 49151 ndi amene opanga mapulogalamu amalembetsa ku bungwe la IANA, ndipo otsalawo kompyuta imangobwereka kwa kanthawi n'kuwasiya.

Mfundo iyi muisunge, idzabweranso kutsogoloku: port imakhala yotseguka pokhapokha zinthu ziwiri zitakumana. Payenera kukhala pulogalamu imene ikudikira alendo pa nambalayo, ndipo firewall iyenera kulola alendowo kufika. Chimodzi chikasowa, palibe chimene chingadutse.

Manambala onsewo ndiwaloweze pamtima?

Ayi ndithu. Ochepa okha ndi amene mudzakumane nawo. Masamba a pa intaneti amadutsa pa 80 ndi 443, ndipo masiku ano pafupifupi onse ali pa 443 chifukwa ndi yobisa uthenga. 53 ndi ya DNS, imene imasandutsa dzina la tsamba kukhala adilesi. Mukaitseka molakwika, zonse zimaoneka ngati intaneti yafa pamene chingwe chili bwinobwino. Imelo imatuluka pa 587 kapena 465 n'kuwerengedwa pa 993. Makina a Linux timawalowa kuchokera kutali pa 22 kudzera pa njira yotchedwa SSH, mapulinta ambiri a pa netiweki amalandira ntchito pa 9100, ndipo zithunzi za makamera zimayenda pa 554.

Palinso atatu amene ndimafuna aliyense awaope: 23 ya Telnet (njira yakale yolowera makina kuchokera kutali), 445 yogawanirana mafoda mu Windows, ndi 3389 ya Remote Desktop (yoyendetsera kompyuta ya Windows uli kutali). M'kati mwa shopu angagwire ntchito yawo, koma kuwatsegulira intaneti yonse n'kuika ndalama pakhonde. Chifukwa chake ndachifotokoza pa funso la shopu yaing'ono.

Pakufunsa TCP kapena UDP. Ndisankhe iti?

Sankhani imene pulogalamuyo inanena. TCP imayamba ndi kupatsana moni n'kumatsimikiza kuti chidutswa chilichonse chafika. UDP imangotumiza osadikira yankho, n'chifukwa chake imakondedwa pa mawu ndi kanema wa pompopompo. Port 443 ya TCP ndi 443 ya UDP ndi zitseko ziwiri zosiyana. SSH ndi TCP, WireGuard (pulogalamu ya VPN imene ndiifotokoza pa funso la makamera) ndi UDP, DNS imagwiritsa ntchito zonse. Pali batani lakuti Both kapena Any limene anthu amathamangira akasowa chochita. Pamenepo mwatsegula zitseko ziwiri pamene mumafuna chimodzi.

Ndikatseka zonse zolowa, intaneti igwirabe?

Igwira, ndipo umu ndi mmene makina anu ayenera kukhalira poyambira. Anthu amaopa apa chifukwa amaganiza kuti kanema wa pa YouTube nayenso "akulowa". Inde akulowa, koma munamuitana ndinu. Firewall ya masiku ano imakumbukira macheza amene ayambira m'kati. Foni yanu ikafunsa tsamba pa 443, firewall imalemba kuti wakuti watumiza uthenga kwakuti, ndipo yankho likabwera imalizindikira n'kulilowetsa. Amene amabwezedwa ndi mlendo wongogogoda popanda womuitana. Mu MikroTik ndi mu iptables (firewall ya Linux) zimenezi zimalembedwa kuti established ndi related.

Choncho kuti muziimba WhatsApp kumudzi, kutumiza ndalama pa Mukuru kapena kudulitsa makasitomala pa kamakina ka khadi, simufunika kutsegula port yolowa ngakhale imodzi. Zonsezi zimayambira m'kati. Munthu akakuuzani kuti mutsegule ma port kuti WhatsApp izimveka bwino, akukusocheretsani. Vuto limakhala WiFi yofooka kapena anthu ochuluka pa chingwe chimodzi.

Zotuluka, m'nyumba ndi m'shopu wamba zisiyeni zotseguka. Kutseka zotuluka n'kwabwino pa seva ndi m'maofesi, koma kumafuna munthu wodziwa port iliyonse imene mapulogalamu ake amadalira.

Lamulo la firewall limakhala ndi chiyani, ndipo dongosolo lake lili ndi kanthu?

Lamulo lililonse limayankha mafunso asanu: uthenga ukulowa kapena ukutuluka, ndi TCP kapena UDP, port yake ndi iti, ukuchokera kwa yani, ndipo uchitidwe chiyani. Funso lachinayi ndi limene ambiri amalilumpha, chonsecho ndi limene limateteza kwambiri. "Lolani 22 kwa aliyense" ndi "lolani 22 kuchokera pa laputopu yanga yokha" ndi malamulo osiyana ngati usana ndi usiku.

Dongosolo lili ndi kanthu zedi. Mu iptables, ufw (chida cha firewall pa Ubuntu) ndi MikroTik malamulo amawerengedwa kuchokera pamwamba, ndipo loyamba kugwirizana ndi uthengawo ndi limene limagwira ntchito, otsalawo sawerengedwanso. Mukaika lotseka zonse pamwamba, lololeza limene mwalemba pansi pake ndi lakufa. Lotseka zonse malo ake ndi kumapeto.

Potseka pali mawu awiri. Reject imabweza uthenga n'kuuza wotumizayo kuti wakanidwa. Drop imangokhala chete ngati panyumba palibe munthu. Ku mbali yoyang'ana intaneti ndimaika drop. M'kati mwa ofesi reject imathandiza, chifukwa pulogalamu imalephera msanga m'malo mongozungulira.

Pa Windows ndimapanga bwanji?

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `wf.msc`. Kumanzere sankhani Inbound Rules, kumanja New Rule, kenako Port. Sankhani TCP kapena UDP, lembani nambala, sankhani kulola kapena kutseka. Ikufunsani ma profile atatu: Domain, Private ndi Public. Ngati ndi kompyuta ya pashopu, chongani Private yokha. Laputopu imene mumapita nayo pa WiFi ya ku mall isakhale ndi port yotseguka pa Public. Pomaliza lipatseni dzina lomveka, monga "pulinta ya pa kauntala", osati "test1". Mukatha, tsegulaninso lamulolo, pitani pa Scope, muike adilesi za makompyuta amene akuloledwa.

Windows ili ndi khalidwe lakelake: siwerenga kuchokera pamwamba. Lamulo lotseka limagonjetsa lololeza kulikonse kumene lili. Ngati mwalola koma sizikudutsa, funafunani lotseka limene linaiwalika.

Ku ma cafe vuto limene ndimalipeza kawirikawiri n'lakuti makompyuta sakuona pulinta yogawana, wina n'kuzimitsa firewall yonse kuti ntchito iyende. Nthawi zambiri chalakwika n'chakuti netiweki inalembedwa Public. Isintheni ikhale Private, yatsani File and Printer Sharing, firewall muisiye yoyaka.

Ndili ndi seva ya Ubuntu. Ndiyambire pati?

Gwiritsani ntchito ufw, ndipo tsatirani dongosolo ili osasinthanitsa. Choyamba `sudo ufw default deny incoming`, kenako `sudo ufw default allow outgoing`, kenako `sudo ufw allow 22/tcp`, ndipo pomaliza penipeni `sudo ufw enable`. Ngati sevayo ili ndi tsamba, onjezerani 80 ndi 443. Kuti SSH izilola a m'ofesi okha, lembani `sudo ufw allow from 192.168.1.0/24 to any port 22 proto tcp`. Kuona malamulo ndi manambala ake ndi `sudo ufw status numbered`, ndipo `sudo ufw delete 3` imafufuta lachitatu. Palinso `sudo ufw limit 22/tcp`, imene imakaniza adilesi yoyesa kulumikiza kasanu ndi kamodzi m'masekondi 30.

Za 22 ndikunena mobwereza chifukwa zinandichitikira. Ndikuyamba kumene ntchitoyi ndinayatsa ufw pa seva ya kampani ina yaing'ono ndili kunyumba, ndisanalole 22. Inandichenjeza kuti kulumikizana kwa SSH kungasokonekere, ine n'kuvomera. Palibe chinaduka nthawi imeneyo, chifukwa macheza amene anali atayamba kale anapitirira. Ndinatseka laputopu ndili wokhutira. M'mawa mwake khomo linali lotseka, seva ili m'kachipinda kokhoma ku Midrand, wosunga kiyi atapita kumaliro. Anthu asanu anakhala manja lende mpaka masana chifukwa cha mzere umodzi. Kuyambira tsiku limenelo sinditseka windo loyamba ndisanatsegule lachiwiri n'kuona kuti ndalowa.

Amene mumagwiritsa ntchito Docker chenjerani: port imene mwaitulutsa ndi `-p` imalambalala malamulo a ufw, chifukwa Docker imalemba malamulo akeake mu iptables. Database ya pa 3306 ikhoza kukhala poyera ufw ikukuuzani kuti zonse n'zotseka. Ngati port ndi ya m'kati mokha, imangireni pa 127.0.0.1.

Nanga pa MikroTik?

Ma rauta amenewa, opangidwa ku Latvia, ali ponseponse m'ma cafe ndi m'nyumba zogawana WiFi. Malamulo ali pa IP, Firewall, Filter Rules. Chosokoneza ambiri ndi ma chain. Input ndi mauthenga opita kwa rauta yeniyeniyo, forward ndi ongodutsa kupita ku makompyuta, output ndi ochokera kwa rauta. Mukafuna kuteteza Winbox, pulogalamu yoyendetsera rautayo, imene ili pa 8291, lamulo lake ndi la input. Mukafuna kuletsa makasitomala a WiFi kufika pa kompyuta ya pa kauntala, aikeni pa netiweki yawoyawo, kenako lamulo lake ndi la forward.

Malamulo amene amabwera nayo ku fakitale ndi abwino, musawafufute. Musanakhudze chilichonse dinani Safe Mode: mukadzitsekera kunja, rauta imabweza yokha zimene munasintha. Ndipo 8291 isaoneke pa intaneti. Mu 2018 munapezeka chibowo mu Winbox chimene chinkalola akuba kutenga mapasiwedi osalowa n'komwe, ndipo ma rauta ambirimbiri amene sanalandire RouterOS (pulogalamu ya m'kati mwa MikroTik) yatsopano anagwidwa.

Ndikufuna kuona makamera a pashopu ndili kunyumba, ngakhale ndili ku Mangochi pa holide. Nditsegule port iti?

Funso ili ndi limene limabwera kuposa onse. Njira yakale ndi port forwarding: mumauza rauta kuti uthenga wofika pa port yakuti uzipita kwa DVR, bokosi losunga zithunzi za makamera. Pa Hikvision ma port ake ndi 8000, 554 ndi 80; pa Dahua ndi 37777. Imagwira, koma dziwani chimene mwachita. Simunatsegulire foni yanu yokha, mwatsegulira dziko lonse.

Mayi wina wa saluni ku Yeoville anandiitana chifukwa makamera ankangozima n'kuyakanso okha. Nditatsegula log ya DVR, mizere inali mbwee: adilesi zachilendo zikuyesa kulowa ndi dzina la admin usiku wonse, ina ikatopa ina n'kuyamba. Amene anawaikira makinawo anatsegula 80 ndi 8000, pasiwedi n'kusiya yosavuta kulota. Kamera ina inkaloza pa kabati ya ndalama, ina pa chitseko chakumbuyo. Mayiwo atamvetsa kuti munthu wosamudziwa akanatha kuona nthawi imene amatseka ndi kumene amaika ndalama, anangokhala pansi, chipeso chili m'manja.

Njira imene ndimalimbikitsa ndi VPN, kanjira kobisika kolumikiza foni yanu ndi netiweki ya pashopu. Mumatsegula port imodzi yokha ya WireGuard, kawirikawiri 51820 ya UDP, ndipo imeneyi siyankha aliyense amene alibe kiyi. Foni ikalumikiza imakhala ngati ili m'shopu momwemo. MikroTik ya RouterOS 7 ili nayo kale WireGuard. Ngati zimenezi zakukulirani, gwiritsani ntchito app ya kampani yopanga makamerayo, ija yojambula QR code. Siifuna port yotseguka chifukwa DVR ndi imene imayamba kulumikiza kunja. Mulimonsemo, ikani pasiwedi yaitali, ndipo zimitsani UPnP pa rauta ndi pa DVR, chifukwa UPnP imalola zipangizo kudzitsegulira ma port osakufunsani.

Ndatsegula port monga ananenera koma sizikugwira. Chalakwika n'chiyani?

Yambani ndi adilesi ya WAN, yoyang'ana kunja, pa tsamba la rauta. Ngati ikuyamba ndi nambala za pakati pa 100.64 ndi 100.127, kapena ndi 10, kapena ikusiyana ndi imene mumaona mukafunsa pa Google kuti IP yanu ndi iti, ndiye kuti mwina muli kuseri kwa CGNAT. Kampani yanu ya intaneti ikugawitsa adilesi imodzi kwa makasitomala ambiri, ndipo geti lenileni lili kwa iwo. Pa LTE ndi 5G izi n'zofala kwambiri, ndipo makampani ena a fibre amachitanso. Pamenepa ngakhale mulembe lamulo labwino chotani silingagwire. Afunseni ngati amapereka public IP, kapena gwiritsani ntchito njira zoyambira m'kati monga app ya QR ija kapena Tailscale.

Onaninso ngati muli ndi ma rauta awiri otsatizana, yawo ndi yanu. Uthenga ukhoza kumathera pa yoyamba. Kenako tsimikizani kuti pulogalamu ikudikiradi pa port imeneyo, monga ndinanenera pa funso lachiwiri: `netstat -ano` pa Windows, `ss -tulpn` pa Linux. Onaninso firewall ya kompyuta yeniyeniyo, poti rauta ikhoza kulola Windows n'kukana. Ngati dzulo zimagwira lero zasiya, werengani funso la magetsi.

Pa cafe panga anthu akumaliza deta ndi YouTube ndi TikTok. Nditseke port yanji?

Palibe. YouTube, TikTok, Facebook, banki ndi tsamba la Home Affairs zonse zimadutsa pa 443. Mukaitseka mwatseka bizinesi yanu. Zimenezi zimatsekedwa ndi dzina kudzera pa DNS, kapena, chimene chimathandiza koposa, mumaika malire a liwiro kwa munthu aliyense; pa MikroTik amazitcha Queues. Ma torrent nawonso kale ankadziwika ndi 6881 mpaka 6889, koma lero amasankha port iliyonse, choncho malire a liwiro ndiwo mankhwala ake.

Shopu yanga ndi yaing'ono. Ndani angataye nthawi kulimbana ndi ine?

Palibe munthu amene wakhala pansi kukusankhani. Ndi mapulogalamu amene amayenda adilesi ndi adilesi usana ndi usiku, kugwedeza chitseko chilichonse. Sadziwa ngati ndinu banki kapena mumagulitsa usipa ndi ufa.

Mu 2016 pulogalamu yotchedwa Mirai inkasaka makamera, ma DVR ndi ma rauta pa port 23 ndi 2323, n'kumayesa mapasiwedi a ku fakitale okwana pafupifupi 60. Zipangizo zimene inagwira zinagwiritsidwa ntchito mu Okutobala chaka chomwecho kugwetsa Dyn, kampani ya DNS, ndipo masamba akuluakulu monga Twitter ndi Netflix anasowa kwa anthu ambiri. Mu Meyi 2017 WannaCry inafalikira kudzera pa 445 m'mayiko oposa 150, mpaka zipatala za ku Britain zinabweza odwala. Amene munali kuno mu Julayi 2019 mukukumbuka City Power itagwidwa ndi pulogalamu yotseka mafayilo, anthu n'kulephera kugula mayunitsi a magetsi m'nyengo yozizira. M'mabizinesi ang'onoang'ono, akuba a mtundu umenewu khomo limene amalikonda ndi 3389 yosiyidwa poyera.

Ndipo inu a cafe ganizirani zimene zili mu foda yanu ya ma scan: mapasipoti, ma permit, makalata a banki a abale athu. Lamulo la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, limafuna kuti wosunga zinthu za anthu ngati zimenezi aziteteze.

Ndikasintha 22 kukhala 2222, kapena 3389 kukhala nambala ina, ndatetezeka?

Phokoso la mu log lichepa, koma chitseko chikadali pomwepo, ndipo woyesa ma port onse achipeza. Pa SSH gwiritsani ntchito makiyi m'malo mwa pasiwedi. Remote Desktop ikhale kuseri kwa VPN.

Magetsi atazima n'kuyakanso, zonse zasokonekera. Bwanji?

Pali zifukwa ziwiri. Malamulo olembedwa ndi iptables mwachindunji amakhala mu memory (RAM) ya makina chabe, ndipo akazima amapita. Pa Ubuntu ndi Debian ikani iptables-persistent n'kulemba `sudo netfilter-persistent save`. A ufw, a Windows ndi a MikroTik amasungika okha.

Chachiwiri ndi chimene chinativutitsa kwambiri nthawi ya load shedding. Zipangizo zikayaka pamodzi, rauta imagawa maadilesi mwatsopano. DVR imene inali pa 192.168.1.20 imapezeka pa 192.168.1.34, pamene lamulo lanu likulozabe pa 20, pomwe mwina tsopano pali foni ya kasitomala. Chipangizo chilichonse chimene chili ndi lamulo chipatseni adilesi yokhazikika kudzera pa DHCP reservation. Adilesi yakunja nayonso imatha kusintha; DDNS, imene imakupatsani dzina lotsatira adilesiyo ikasintha, ndi imene imathetsa zimenezo.

Ndingayese bwanji kuti ndione zimene zili zotseguka?

Yesani muli kunja. Mukayesa muli pa WiFi yomweyo, zimene muone si zimene akunja amaona. Zimitsani WiFi pa foni, yatsani deta, lumikizani laputopu pa hotspot. Mu PowerShell ya Windows lembani `Test-NetConnection` kenako adilesi yanu yakunja ndi `-Port 3389`. Ikayankha True, khomo lili pululu. Pulogalamu ya nmap imayesa ma port ambiri nthawi imodzi. Ngati kampani yanu imapereka IPv6, yesaninso adilesi imeneyo, chifukwa kumeneko chipangizo chilichonse chili ndi adilesi yakeyake yoonekera kunja ndipo malamulo ake amalembedwa padera.

Yesani zanu zokha, kapena za munthu amene wakulolani, makamaka molemba. Kulowa m'makina a eni popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa Cybercrimes Act ya 2020, imene mbali zake zambiri zinayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala 2021.

Amene anandiikira makina anabwerera kumudzi, ndipo sindidziwa zimene anatsegula. Nditani?

Lowani pa tsamba la rauta. Adilesi yake kawirikawiri ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, pa MikroTik ndi 192.168.88.1. Musanasinthe kanthu sungani backup ndipo jambulani masamba onse ndi foni. Pitani pa Port Forwarding, ena amalemba Virtual Server kapena NAT. Lamulo lililonse limene simukudziwa ntchito yake lizimitseni, osalifufuta, n'kudikira sabata. Ngati palibe chadandaula, lichotseni. Onani ngati pali DMZ yoyatsidwa, chifukwa imeneyo imatumiza ma port onse ku chipangizo chimodzi, ndipo amisiri othamanga amaikonda. Zimitsaninso Remote Management ndi UPnP. Sinthani pasiwedi ya rauta, ya DVR ndi ya app ya makamera, ndipo mu DVR onani mndandanda wa ma user, muchotse amene simukuwadziwa.

Ngati pasiwedi ya rauta anapita nayo, mutumizireni uthenga kaye musanadine reset. Pa fibre ina rauta imasunga dzina ndi pasiwedi ya PPPoE, ndipo mukafufuta musanazitenge ku kampani yanu ya intaneti, shopu ikhala yopanda intaneti mpaka atakuyankhani.